Fungo la Kavalo ku Edenvale

Machona anzathu akabwerako ku Joni amabwera ndi nkhani zokoma zokhazokha. Uyu akuti ankayendetsa galimoto ya bwana, uyo akuti nyama ankadya mpaka nsagwada kuwawa. Ine yanga ndi yamanyazi, moti mkazi wanga akangomva kuti ndaiyamba amanyamula mpando wake, ulendo kuseri kwa nyumba. Koma poti mwaumirira, imvani. Mukafuna kuseka musekere kumbali, chifukwa ine pamtima pamandiwawa mpaka lero.

Zinachitika cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Ndinachoka kwathu ku Thyolo ndi kachikwama kamodzi ndi lonjezo lalikulu. Ndinauza Esinati, mkazi wanga, kuti, "Ndikangokhazikika, ndikuitanitsa iwe ndi mwana."

Kukhazikika kwake kunali kugona pa katoni m'kanyumba ka malata ku Tembisa, amuna titapanikizana ngati usipa m'thumba. Mmodzi akatembenuka, tonse tinkatembenuka. Ntchito inali ya maganyu, kusamala maluwa ku Edenvale kwa mzungu wina, bwana Derek, ndi mkazi wake, madamu Lynette. Sabata ina andiitana, sabata ina zii.

Pakhomopo panali khukhi, Che Saidi, bambo wachikulire wa ku Mangochi amene unyamata wake wonse anausiya m'migodi. Iwowa anali atatsanzika kale kuti chaka chikatha akubwerera kumudzi kukapuma. Chipinda chawo chinali kuseri kwa galaja. Abale inu, chipinda! Bedi ya matiresi, magetsi, shawa ya madzi otentha, chitseko chokhala ndi kiyi wakewake. Ndikamathirira maluwa ndinkachiyang'ana ngati galu pakhomo pa butchala. Mumtima ndinali nditamulowetsamo kale Esinati, akupachika makatani, mwana akukwawa pansi.

Tsikulo linali Loweruka, kunja kukutentha ngati m'ng'anjo. M'mawa kunabwera kalole katadzaza manyowa a akavalo, aawisi, akufuka nthunzi. Ine ndinakhalira kuwatuta pa wilibala ndi kuwamwaza m'maluwa mpaka dzuwa linafika paliwombo. Thukuta linali kutsikira m'nsapato.

Kenako ndinamva madamu akuitana pakhomo la khitchini. "Lyson! Come here!"

Ndinapeza Che Saidi ataima njoo, manja kumbuyo, nkhope ili gwa.

"Madamu, nyama ndiwotcha, buledi ndidula, tchizi ndikonza," iwo anali kunena. "Koma mowa, hayikona! Manja awa sagwira botolo. Mukudziwa kale kuti ine ndine Msilamu."

Madamu anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kuusa moyo. Anati masana omwewo kukubwera alendo kudzalawa vinyo amene bwana anabwera naye kuchokera ku France, ndipo bwanayo akufuna kukhala pansi ndi alendo ake, ndiye pakufunika munthu wothira m'matambula. Kenako ananena mawu awa:

"Ukachita bwino lero, Lyson, tikambirana za ntchito ya Saidi."

Ndikuuzeniretu kuti zonsezi zinkayankhulidwa m'Chingerezi, ndipo changa chinali cha Sitandade 8: chokwanira kumva mawu, koma osati kumva nkhani.

Ndinathamangira kuseri kwa galaja, kusamba ndi paipi yothiririra maluwa, kudzikhula mpaka khungu kuyera mbuu. Kuti ndioneke munthu, ndinadzola vaselini wa Che Saidi, osaumira. Iwo anandibwereka shati yoyera ndi buluku lakuda. Nsapato zawo zinandikana, ndiye ndinangopukuta ndi nyuzipepala zanga zomwe zija ndinatutira manyowa. Mtima unali kugunda kwambiri, choncho ndinausisita ndi kandudu kamene ndinakabisa kukhutu.

Bwana Derek anandiitanira m'chipinda chodyera. Patebulo panali nsalu yoyera, matambula a miyendo italiitali ali ndandanda, ndi mabotolo atatu.

"Ili loyerali ndi Roussanne. Ili ndi Grenache. Ili lakudali ndi Syrah. Amenewa ndi mayina a mphesa. Nena."

"Rozani. Gilinashi. Sira."

"Good enough. Uyamba ndi loyerali, kenako ili, Syrah pomalizira. Uzithira pang'ono pokha. Usayankhule."

Anasisita botolo la Syrah ngati akusisita mutu wa mwana wodwala. "Ili ndinalifungatira pamiyendo m'ndege ulendo wonse. Kuno sungalipeze, Lyson. Ukaligwetsa, undigwetsa ine."

"Yes, bwana."

Pakati pa tebulo panali kachidebe kasiliva kopanda kanthu. Sanandiuze ntchito yake. Ine ndinangoti mwina madamu aiwala kuikamo maluwa.

Alendo anafika, anthu owerengeka. Panali bambo wina wamimba wovala kabudula ndi masokosi ofika m'mawondo, panali amayi awiri a zipewa, ndi ena sindikuwakumbuka. Koma wamkulu wa onse anali gogo wina woonda, madamu Marguerite, magalasi akulendewera pachingwe, mphuno yaitali yosongoka ngati nsonga ya chikwanje. Akuti anakhalitsa ku France, ndipo ntchito yake inali yophunzitsa anthu za vinyo. Akangotsokomola, onse ankakhala chete.

Ndinayamba ndi Roussanne. Ndinazungulira tebulo lonse, dontho osagwa ngakhale limodzi. Ndinakaima kukhoma ngati msilikali, n'kunena mumtima kuti, Esinati, yamba kulongedza.

Ndinkayembekeza kuti anthu amwa. Sanamwe ayi. Anakweza matambula kuwaunika kuwindo ngati akufunamo ntchentche. Anawazunguza. Kenako onse, nthawi imodzi, mphuno m'tambula!

Kwathu mlendo akanunkhiza chimene wamupatsa, ndiye kuti akukukayikira.

Gogo uja anapsontha pang'ono, n'kuyamba kuchukucha ngati munthu wotsuka mkamwa m'mawa. Anakoka kachidebe kaja. Ptuu! Analavula. Bambo wamimba naye, ptuu! Amayi a zipewa, ptuu, ptuu! Mpaka bwana mwini wake, ptuu!

Vinyo wochokera ku France, wokwera ndege, wangodutsa m'manja mwanga kamodzi kokha, anthu ayamba kulavula!

"Uchi," anatero gogo uja, maso atatsinzina. "Uchi, ndi masamba a tiyi."

Tiyi! Ine wa ku Thyolo, wobadwira pakati pa minda ya tiyi! Mphuno imeneyi yafika mpaka kwathu?

"Komanso muli kanthu kena ka mafutamafuta. Ngati phula. Kakumata mkamwa."

"Yes, oily," anavomera bambo wamimba. "Very oily!"

Ndinayang'ana manja anga. Anali kunyezimira ngati mandasi ongophula kumene. Pa tambula ya gogo panali chidindo cha chala changa, chooneka bwinobwino ngati cha ku polisi.

Ndinatuluka chobwerera m'mbuyo mpaka kukhitchini.

"Che Saidi, ndapsa! Akulavula!"

"Akulavula chiyani?"

"Vinyo! Akununkhiza, akulawa, akulavulira m'chidebe. Akuti muli mafuta!"

Che Saidi, zaka zonse zimene anakhala pakhomopo, botolo likangotsegulidwa ankatseka chitseko cha khitchini. Ndiye za m'chipinda chodyeramo ankazidziwa mofanana ndi ine. Anandigwira dzanja, kulinunkhiza, n'kupukusa mutu.

"Mampara iwe, chitsiru! Wadzola botolo lonse? Mzungu salavula chinthu chimene wagula yekha popanda chifukwa. Samba ndi sopo wa mbale, msanga!"

Ndinasamba mpaka manja anatuwa ngati a munthu woumba njerwa. Ndinabwerera ndi mtima watsopano. Botolo la Grenache ndinalikulunga m'kansalu kuti khungu langa lisalikhudze. Ndinathira ndili patali, mkono nditautambasula ngati ndikupatsa galu wolusa chakudya.

Kuunika kuja kunayambanso. Kuzunguza. Mphuno m'tambula.

"Sitiroberi," anatero gogo.

Ndinapuma. Sitiroberi sindinadyepo chibadwire. Mlandu umenewo si wanga.

"Ndi tsabola pang'ono."

Tsabolanso ayi. M'mimba mwanga tsikulo munali buledi wouma ndi madzi a pampopi basi.

Bambo wamimba anayamba kufotokoza kuti wachiwiriyu ndi wopepuka ndi wansangala, pamene woyamba uja, ngakhale anali woyera, anali wolemera mkamwa. Gogo anavomera, n'kuwonjezera kuti Roussanne amafuna kumusunga kuti akhwime, koma Grenache uyu ndi wakupsa kale. Ine pa zonsezo ndinatolapo chimodzi: wachiwiriyu ndi wopepukako. Ndiye kuti sopo wathandiza!

Ndili pafupi kumwetulira, gogo anabwezanso mphuno m'tambula.

"Dothi," anatero. "Dothi louma, lopsa ndi dzuwa. Dusty."

Ndinayang'ana zikhadabo zanga. M'kati mwake munali munda wokwanira kudzalamo nyemba.

"Ndipo chapatali, fodya."

"Tobacco!" anafuula mmodzi wa amayi a zipewa. "Yes! Ndimati ndikumva ndekha!"

Ptuu! Ptuu! Ptuu!

Madamu Lynette anatembenuka, kundiyang'ana, n'kukweza nsidze. Pambuyo pake ndinadzamva kuti ankangofuna buledi wina. Koma nthawi imeneyo ine ndinaona chitseko cha chipinda chija chikutsekeka pang'onopang'ono, Esinati ali panja ndi makatani ake m'manja.

Kukhitchini kachiwiri.

"Che Saidi, tsopano akuti dothi ndi fodya!"

"Wasuta?"

"Kamodzi kokha, kakang'ono."

"Eish, mwana iwe! Tsiku la mayeso n'kusuta?"

Anandipatsa waya wotsukira mapoto kuti ndikhule zikhadabo. Anandichukuchitsa madzi a mchere. Anandidyetsa khungu la ndimu, lowawa mpaka misozi.

"Tamvera, mphwanga," anatero atandigwira paphewa. "Latsala botolo limodzi. Ukamathira, usapume."

"Ndisapume?"

"Gwira mpweya. Kumgodi tinkagwira mpweya fumbi likabuka, sitinafe. Pita!"

Nditalowa ndinapeza bwana Derek ataimirira, akufotokoza za phiri lina lotsetsereka la ku France kumene mphesa za Syrah ameneyu zinamera, ndi za nkhalamba imene inamugulitsa botololo monyinyirika. Atatha, bwana anandikodola. Ndinakoka mpweya wochuluka, n'kutseka pakamwa. Vinyoyo anali wakuda bii, ngati magazi a ng'ombe. Ndinazungulira tebulo maso akutuluka, mitsempha ya m'khosi ili tanthatantha. Ndinafika kukhoma kuja ndikuona nyenyezi, koma ndinafika.

Gogo analowetsa mphuno m'tambula. Anakhalitsa mmenemo. Anatsinzina. Kenako anabuula, kubuula kwenikweni kwa munthu amene wapondedwa pachilonda.

"Mmmmm. Oh, my goodness! Barnyard."

Mawu amenewo ku Sitandade 8 sitinafikeko. Koma bambo wamimba anandithandiza.

"Horse!" anafuula. "Kavalo weniweni! Ngati walowa m'khola m'mawa!"

"Ndi thukuta," anawonjezera gogo. "Chishalo cha kavalo chonyowa ndi thukuta."

"Chikopa chakale," anatero wina. "Old boots!"

Mmodzi wa amayi a zipewa anagwira pachifuwa. "It's so strong! Ladzaza chipinda chonse!"

Ndinayang'ana bwana. Mphuno inali m'tambula, ndipo m'maso mwake munali mutalengeza misozi. Bwana akulira! Botolo lake limene analifungatira m'ndege, ine ndalisandutsa khola!

Pang'onopang'ono ndinatsitsa maso. M'mphepete mwa nsapato yanga yakumanzere munali mutakanirira kaudzu, ndipo kaudzuko sikanali kokha.

Abale, ndaonapo mavuto ku Joni. Ndinagonapo ndi njala, ndinathamangitsidwapo ndi apolisi ofuna mapepala, ndinaberedwapo jekete pa siteshoni. Koma sindinamvepo kuchepa ngati tsiku limenelo. Ena amachotsedwa ntchito chifukwa cha kuba, ena ulesi, ena kuledzera. Zimenezo munthu ukhoza kufotokoza kumudzi, anthu n'kukumvetsa. Koma ine ndikamuuza chiyani Esinati? Kuti amuna ako anawoloka malire a mayiko, n'kukachotsedwa ntchito chifukwa chonunkha? Apongozi anga akadzamva, ndidzadutsa njira iti?

Ndinalowa m'khitchini misozi ili chuchuchu.

"Che Saidi, kwatha. Akuti kavalo. Akuti thukuta. Akuti nsapato zakale. Bwana akulira."

Mkulu uja anandiyang'ana, chifundo chitamugwira. Kenako anapisa m'thumba la malaya n'kutulutsa kabotolo kakang'ono ngati chala. Anali mafuta onunkhira amene ankadzola Lachisanu popita ku mzikiti.

"Awa sindipatsa munthu," anatero. "Kadontho kamodzi kuseri kwa khutu. Wamva? Kamodzi! Ndi aukali."

Anatembenuka kukaona nyama mu uvuni.

Ine ndinaganiza: kadontho kamodzi n'ka munthu wosamba kale amene akupita kukapemphera. Kavalo wathunthu kadontho kangamutani? Ndinakhuthulira kabotolo konse m'dzanja. M'khosi, m'khwapa, pachifuwa, m'tsitsi, zotsala m'masokosi.

Pobwerera ndinadutsa pa chimbudzi cha alendo. Chitseko chinali chotsegula, ndipo pawindo panali chitini cha sipulei ija amapopera m'chimbudzi, chojambulidwa maluwa a lavenda. Ndinati Mulungu sataya wake. Ndinapopera nsapato, pamwamba ndi pansi. Ndinapopera buluku. Chitinicho ndinachilowetsa m'thumba, kuchitira mwina.

Nditalowa ndinamva gogo akulengeza kuti tsopano ndiye yafika ntchito yeniyeni. Aliyense akhale ndi matambula atatu patsogolo pake, Roussanne, Grenache ndi Syrah, kuti awayerekeze bwinobwino, uyu pambali pa mnzake. Bwana anandiuza kuti ndithire zonse zotsala m'mabotolo.

Ndinayamba kuzungulira. Paliponse pamene ndadutsa, mutu unkatembenuka. Mayi wina anayetsemula. Bambo wamimba anatikita m'maso. Ine ndinati ndi ulemu umenewo, anthu azindikira kuti mnyamata wasintha.

Gogo ananyamula Syrah, kununkhiza, n'kuchita tsinya.

"Strange," anatero. "Kavalo uja akuthawa."

Mtima wanga unavina! Akuthawa! Che Saidi, Mulungu akudalitseni!

Bambo wamimba analowetsa mphuno yake yonse mpaka masaya. "No, no, alipobe. Pansi penipeni. Ndikumumvabe pang'ono."

Alipobe? Kavalo wamakani chotere?

Pakona ya chipindacho, kumbuyo kwa alendo, panali fani yoimika, ikutembenuza mutu uku ndi uku chifukwa cha kutentha kuja. Nzeru inandibwerera, ndipo mpaka lero ndimafunsa kuti inachokera kwa ndani. Ndinasendera cham'mbali ngati nkhanu. Ndinaima kuseri kwa fani. Ndinatulutsa chitini chija, n'kudinikiza.

Psssssssss!

Sindinachotse chala mpaka chitini chinayamba kutsokomola. Fani nayo inagwira ntchito yake mokhulupirika. Inagawira aliyense, kumanja, kumanzere, osakondera.

Kenako chifuwa chinabuka tebulo lonse ngati kuchipatala nthawi yozizira. Mayi wina chipewa chinagwa. Bambo wamimba analavula buledi. Madamu Lynette ankadzipepesa ndi kansalu, misozi ikuchotsa penti wa m'maso.

Gogo yekha sanasunthe. Ananyamula Roussanne, kununkhiza.

"Lavenda."

Ananyamula Grenache.

"Lavenda."

Ananyamula Syrah, kununkhiza kawiri, n'kuibweza patebulo mwaulemu ngati akutsitsa maliro.

"Toilet."

Bwana Derek anadzuka, mpando n'kugwa chagada. Nkhope inali itafiira kuposa Grenache.

"What is that smell? Wachita zimenezi ndani?"

Apa ndinadziwa kuti kubisala kwatha. Munthu ukagwidwa, gwidwa mwaulemu. Ndinatuluka kuseri kwa fani, kufika pakati, n'kugwada mawondo onse awiri monga tichitira kwathu pamaso pa akulu. Chitini chinapulumuka m'manja, n'kugubuduka mpaka kukagunda phazi la gogo.

"Sorry, bwana," ndinatero. "The horse is me."

"What?"

"Kavalo uja ndine, bwana. Thukuta lija ndine. Nsapato zakale ndi izi. Fodya ndine, dothi ndine, mafuta aja ndinenso. Tiyi ndi kwathu. Uchi, tsabola ndi sitiroberi zokha ndiye sindikuzidziwa, mwina afunsidwe ena. Ndayesetsa kusamba, bwana, koma zakanika. Musandichotse ntchito, ndili ndi mkazi ndi mwana."

Fani yokha ndiyo inkamveka, ikupukusa mutu ngati nayonso yandikhumudwira.

Woyamba kuphulika anali bambo wamimba. Anaseka mpaka anatsamira khoma, akumenya ntchafu. "The horse is me! Oh, Derek! The horse is me!" Amayi a zipewa anagwirana. Madamu anabisa nkhope m'manja.

Bwana sanaseke. Anandiyandikira, n'kuyamba kuyankhula pang'onopang'ono, mawu amodziamodzi, ngati akuphunzitsa mwana wa mkaka.

"Lyson. Fungo lija lili m'vinyomo. Linachokera ku France. Ndi limene ndinalipirira. Ndi limene ndinafungatira m'ndege."

"Nanga kulavula kuja, bwana?"

"Timalavula kuti tisaledzere! Aliyense wolawa vinyo amalavula!"

"Nanga misozi ija?"

"I was happy, man! Ndinali wokondwa!"

Apa munthu wanzeru akanatseka pakamwa. Koma ine ndinkafunitsitsa kukonza zinthu, ndipo ndinaona ngati mpata wapezeka.

"Ndiye kuti fungo la khola lija mumalifuna, bwana?"

"Yes!"

"Musadandaule, bwana. Kuseri kwatsala mulu wonse. Ndikatape?"

Bambo wamimba uja anzake anachita kumutulutsira panja kuti akapume.

Anatsegula mawindo onse. Ananyamula matambula kupita nawo pakhonde. Sizinathandize. Sipulei inali itagwera m'vinyo, m'tchizi, m'buledi, m'tsitsi la aliyense. Gogo anayesanso kamodzi, n'kulengeza kuti mphuno yake yafa ndipo idzuka mawa. Mabotolo anali atatha, poti ndinathira zonse monga anandiuzira. Ndinaona ndi maso anga bwana akunyamula tambula yake ya Syrah, kuiyang'ana ngati akutsanzikana ndi m'bale pa depoti, n'kuikhuthulira yekha m'kachidebe kaja.

Kukhitchini Che Saidi anandilandira ndi mphuno yotsina. Ndinawabwezera kabotolo kawo. Anakazondotsa, kukagwedeza, osatuluka kanthu.

"Ndinati kadontho kamodzi."

"Pepani, Che Saidi. Shati yanu ndichapa."

"Shatiyo tenga, mphwanga. Ndikalowa nayo mu mzikiti, mzere wonse wa opemphera ukomoka."

Madamu anabwera pambuyo pake, n'kuima patali ndithu. Anayankhula mofatsa, ndipo kufatsako ndi kumene kunandipweteka.

"Lyson, uli ndi mtima wabwino. Koma m'nyumba ayi. Lolemba ubwerere kumaluwa."

Zinathera pomwepo. Che Saidi atapita, chipinda chija anachitenga bambo wina wa ku Mzimba, wosasuta, wosadzola, wosayankhula. Ine ndinapitiriza kuthirira maluwa, ndikumuona akuyanika thaulo lake pawindo limene Esinati akanapachikapo makatani. Esinati ku Joni sanapondeko. Ndinachita kubwerera ndine.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri si chipindacho ayi. Ndi zimene zinachitika pageti madzulo a tsiku lomwelo.

Anandituma kukatsegulira alendo. Magalimoto anatuluka imodziimodzi, aliyense akukweza galasi akafika pamene ndaima. Yomaliza inali ya gogo Marguerite. Iye anaima, kutsitsa galasi, n'kundikodola ndi chala.

Ndinayandikira, mutu uli pansi. Mumtima ndinati, uyu ndi munthu wamkulu, waona dziko, mwina andipepesa. Mwinanso kwake kukufunika munthu wa m'galadeni.

Anavala magalasi ake. Anatulutsa mutu pawindo, kufikitsa mphuno ija pafupi ndi khosi langa, n'kukoka mpweya kawiri, maso atatsinzina, ndendende mmene ankachitira ndi tambula.

"Young man," anatero, "usamadzikweze."

"Madamu?"

"Kavalo wa m'tambula uja anali wa ku France. Wapamwamba, wokhwima, wakuya. Wakoyu ndinamumva titangolowa pageti pano." Anapukusa mutu mwachisoni. "Kavalo wamba wa pafupi pompa, ku Benoni. Alibe tsogolo."

Anakweza galasi, n'kumapita.

Ndinatsala nditagwira geti. Ntchito ndalephera, chipinda ndaluza, ndipo ngakhale pa mpikisano wa kununkha ndakhala nambala thu!

Fungo likamveka pagulu, m'bale wanga, usafulumire kugwada: mwina eni ake anachita kuligula.